Basela imagulitsa kuposa 20%, koma werengerani kaye

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake zitenje zanu sizikuyenda ngakhale mwalemba kuti mwatsitsa mtengo ndi 20% pa status ya WhatsApp, pomwe mnzanu wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, amene akuti "gulani ziwiri, chachitatu n'chaulere" katundu akungomuthera. Vuto si zitenje zanu. Vuto ndi mmene mwakambira kutsitsako.

20% imafuna kuti munthu awerengere, ndipo munthu amene akuona status ali mu taxi sawerengera, amangodutsa. Mawu oti "chaulere" ndiye amamva nthawi yomweyo. Kumbukirani kumsika kwathu: mayi wa tomato sachotsa mtengo wa mulu, amaika basela pamwamba, wogula n'kumapita akumwetulira.

Koma musathamangire kutengera mnzanuyo. Tiyerekeze kuti chitenje chimakufikirani pa R70, kuphatikizapo ya transipoti, ndipo mumagulitsa R120. Pa 20% mukugulitsa R96, phindu R26. Pa njira ya mnzanuyo mukulandira R240 pa zitenje zitatu zimene zakudyerani R210, ndiye kuti phindu ndi R30 yokha pa zonse zitatu. Kumeneko n'kutsitsa ndi 33%, ngakhale sikuoneka choncho. Ambiri amadya mpamba pamenepa osadziwa, akuona ngati bizinesi ikuyenda chifukwa katundu akutha. Yesani "zitatu R300". Wogula akuona nambala yosavuta, yolipira ndi mapepala atatu a R100, inu mwatsala ndi R90. Kapena siyani mtengo pa R120 pomwepo, muike basela ya kanthu kakang'ono kokudyerani R10, ngati kapaketi ka usipa. Imakoma kuposa kuchotsa R10, ndipo mtengo wanu suwonongeka. Mukazolowetsa anthu R96, kubwerera pa R120 kumavuta zedi.

Ngati mukufunabe kutsitsa, onetsani mitengo iwiri: "chinali R120, pano R96". Katundu akakhala wosakwana R100, peresenti ndi imene imaoneka yaikulu: 20% imamveka kuposa R8 pa usipa wa R40. Akakhala wodula, tchulani ndalama yeniyeni: pa bulangeti la R600, "mwasunga R120" imagunda kuposa 20%.

Za kubweretsa katundu nazo zimagwetsa malonda. Akatswiri a maganizo a anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa mu 1979 kuti kutaya kanthu kumapweteka kwambiri kuposa mmene kupeza kanthu kofanana nako kumasangalatsira. Munthu akavomera R100 kenako n'kumva kuti pali R20 ya kubweretsa, amaona ngati mwamulanda. Nenani kamodzi: "R120, tikubweretserani ku Turffontein ndi Rosettenville". Tchulani malire a dera, apo ayi wina wa ku Diepsloot adzafuna zomwezo ndipo ya taxi idzadya phindu lonse.

Musaike zithunzi 30 tsiku limodzi. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2000, Sheena Iyengar ndi Mark Lepper anaika jamu m'sitolo ku California, nthawi ina mitundu 24, nthawi ina 6. Pa mitundu 6, pafupifupi anthu 30 pa 100 amene anaima anagula. Pa mitundu 24, atatu okha pa 100. Sankhani zitenje zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse ndi mtengo wake pa chithunzi pomwepo. "Mtengo ku inbox" umathawitsa anthu amanyazi, amene ndi ambiri.

Ikani tsiku lotsekera, ndipo ligwirizane ndi malipiro: kuyambira pa 25 mpaka kumayambiriro kwa mwezi. Pa 15 anthu ali ndi ya lendi ndi yotumiza kumudzi m'mutu, ngakhale mutsitse bwanji.

Chenjerani ndi lamulo la kuno ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008. Mukaonetsa mitengo iwiri yosiyana pa katundu mmodzi ngati yogulitsira, wogula ali ndi ufulu wolipira wotsikawo. Kulengeza katundu wotchipa amene mulibe pofuna kungokoka anthu n'koletsedwanso, ndiye ngati zatsala 10, lembani kuti zatsala 10. Ndipo musanene kuti chinali R150 pomwe aliyense pa gulu lino akudziwa kuti chinali R120.

Mwezi uno yesani "zitatu R300", mwezi wamawa basela, masiku ofanana. Lembani m'kope amene anafunsa, amene anagula, ndi ndalama imene yatsala mutachotsa yopikulira.