Kugula mbatatesi ndi matimati pamsewu wa ku Angónia

Mayi wina wa ku Moatize wandilembera pa imelo. Akuti amapita ku Ulongué kukaona makolo, ndipo pobwerera amagula mbatatesi ndi matimati m'mbali mwa msewu, koma akafika kunyumba matimati amakhala atasukusika ndipo pansi pa ndowa amapezamo timbatatesi tosathandiza. Funso lawo ndi loti: akuwabera, kapena sadziwa kugula?

Mayi, amene akukuberani kwambiri ndi dzuwa. Angónia ndi Tsangano ndi madera okwera, ozizira, n'chifukwa chake mbatatesi, kabichi ndi nyemba zimachita bwino kumeneko. Mukangodutsa pa Mussacama n'kulowa msewu wa N7 mumayamba kutsikira m'chigwa cha Zambezi, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ndiye matimati ofiira psuu, omangidwa m'jumbo, oikidwa pansi pa mpando wa minibasi (chapa) pafupi ndi injini, afika bwanji amoyo? Sankhani ongoyamba kumene kupsa, olimba mukawagwira, ndipo muwaike m'dengu kapena m'katoni yobowola. Akapsera kwanu. Mukaona ufa woyera pakhungu lake, nthawi zambiri amakhala mankhwala opopera kumunda. Kawatsukeni bwino musanadule.

Za ndowa zija n'zoona, ogulitsa ena amayala zikuluzikulu pamwamba. Musakangane nawo. Ingonenani mwaulemu kuti, "Amayi, takhuthulirani m'thumba langali ndikuona." Wogulitsa zabwino sakana. Mbatatesi zikamagwa tengani imodzi, muitikite ndi chala chachikulu. Khungu likasupuka mosavuta ndiye kuti anakumba zisanakhwime, n'zodya sabata yomweyo. Zobiriwira zisiyeni, zinakhalitsa padzuwa ndipo zimawawa, mwinanso kutsegula m'mimba. Ine ndimakonda zokhala ndi dothi louma kusiyana ndi zotsuka zonyezimira, chifukwa zotsuka sizichedwa kuola. Yang'ananinso ndowa yeniyeniyo, ina imakhala yopindikira m'kati kunsi kwake.

Kunenerera kuli ndi malo ake. Pa thumba kapena ndowa, nenererani ndithu, makamaka ngati mwatsika galimoto n'kufunsa kwa anthu angapo. Wogula ali pawindo, dalaivala akuliza hutala, amalipira mtengo woyamba. Koma agogo okhala ndi timilu ta mpiru kapena nkhwani musawapanikize, pamenepo phindu n'lochepa kale. Pemphani basera, adzakuikirani mokondwa, ndipo ulendo wina adzakusungirani zabwino.

Nyamulani ndalama zing'onozing'ono. Kulipira pafoni ndi M-Pesa kapena e-Mola kumathandiza, koma netiweki sipezeka paliponse. Kufupi ndi malire, monga ku Calómuè ndi ku Zóbuè, makwacha a ku Malawi amayendanso, choncho wina akati "handiredi" funsani kuti ndi ya meticais kapena ya makwacha musanatulutse chikwama.

Nyengo nayo muziiwerengera. Matimati amatchipa m'chilimwe madimba akabereka, ndipo amakwera mtengo mvula ikakhazikika cha mu Januwale ndi Febuluwale, pomwe amavutanso kusunga. Nthawi imeneyo gulani ochepa, muonjezere anyezi ndi nyemba zouma.

Popita kumtundako musapite chimanjamanja. Masau ndi malambe a kuchigwa, kapenta wa ku Cahora Bassa ndi nsomba zouma za chicoa n'zimene makolo anu sazipeza motchipa ku Ulongué. Nsombazo muzinunkhize kaye n'kuzitembenuza kumimba, tizilombo timabisala kumeneko.