Kodi vitamini C amateteza ana ku chimfine?

Funso: Nyengo yozizira ikafika ana anga sachedwa kudwala chimfine, ndipo anzanga akundilangiza kuti ndiziwagulira mapiritsi a vitamini C. Kodi mapiritsiwa amathandizadi? Mayi wa ana atatu, Dedza.

Yankho: Mayi, vitamini C saletsa chimfine kugwira munthu, ngakhale kuti kwa amene amamupeza tsiku ndi tsiku matendawa amatha msanga pang'ono. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza thupi kupanga kolajeni, amene amalimbitsa khungu, nkhama ndi mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake munthu akamusowa kwa miyezi ingapo amatuluka magazi m'nkhama ndipo zilonda zake zimachedwa kupola. Matenda amenewa, otchedwa scurvy, ankapha amalinyero ambiri, ndipo mu 1747 dokotala James Lind anaona kuti odwala amene anawapatsa malalanje ndi mandimu anachira mofulumira.

Thupi silipanga lokha vitaminiyu, komabe malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO munthu wamkulu amangofunika mamiligalamu 45 patsiku, ndipo gwafa limodzi limaposa pamenepo. Malambe, mango ndi mapapaya nawonso ali naye.

Chimene chimatidetsa nkhawa ife ndi kaphikidwe. Soda kapena chidulo chimene timathira m'therere ndi m'nkhwani chimawononga vitaminiyu, monganso kuwiritsa mpiru mpaka utafota kenako n'kutaya madzi ake. Phikani masamba mwachidule mphika uli wovundikira, ndipo tsiku la nyemba muziwapatsa anawo chipatso akangomaliza kudya, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi wopangira magazi amene ali m'nyembazo.