Za sola ya kwa amayi ku Jali

Achimwene, mwaswera bwanji? Pepani phokosoli, ndili pa depoti kuno ku Zomba. Funso lanu lija ndalimva, loti kwa amayi ku Jali tiike sola yolipira mwezi ndi mwezi kapena tingogula kamodzi.

Zolipira pamwezizi zili mitundu iwiri, tisazisokoneze. Za TV zija, monga GOtv kapena DStv, mumalipira mpaka kalekale. Sola ayi. Mumapereka dipoziti, a kampani ya sola amabwera kudzakhoma panelo padenga, ndiye mumatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, iwo amakutumizirani manambala pafoni, mukawalowetsa pa kabokosi ka solayo magetsi ayaka. Ngongole ikatha, katunduyo ndi wanu basi. Koma mukangodumphitsa, kabokosi kamadzitseka kokha, olo dzuwa liswe mtengo.

Apa ndiye pali nkhawa yanga. Amayi ndalama amaigwira akagulitsa mpunga ndi nandolo. Januwale ndi Febuluwale m'nyumba muja mumakhala mbee, chimanga chakwera pamsika. Pakati pa ufa ndi babu mukuganiza adzasankha chiyani? Inunso uko ku Johannesburg ntchito imatha kuima mwadzidzidzi. Ine sindikufuna amayi azidzagona mumdima panelo ili padenga, zingandipweteke kwambiri.

Komanso mukawonkhetsa zonse, yangongole imadula kuposa ya kashi. Kumbukirani mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anangokwera yense. Chomwe tingathe kugula pano, tigule pano.

Chabwino cha a ngongole aja, sindibisa, amapereka waranti, chikawonongeka mumawaimbira. Zina za mumsikazi, pa katoni alemba mawati ambirimbiri koma batire yake miyezi ingapo yafa, wogulitsa akukuyang'anani ngati sakukudziwani.

Ndiye maganizo anga ndi awa: tisonkhe atatufe, inu, ine ndi achemwali, tigule ku makampani omwewo koma kashi, atipatse risiti ndi waranti yolemba. Isakhale yaikulu ayi. Mababu atatu, lina likhale pakhonde, potchajira foni, ndi wailesi yoti azimvera maliro ndi mapemphero. TV tidzaona chaka chamawa, ndipo idzakhale ya dikoda yogula kamodzi yoonetsa MBC ndi Zodiak. Mpira wa ku England amayi alibe nawo ntchito.

Loweruka ndizungulira m'tauni muno kufunsa mitengo, ndijambula ndiponye pagulu pano. Achemwali, mukamvera muyankhe, tidziwe kuti mungakwanitse zingati mwezi uno.