Chikwama cha pachiwongolero: yambani mwaona chigwiriro chake

Mmodzi mwa owerenga athu watilembera pa imelo. Akukonzekera ulendo wa panjinga wa masiku angapo, katundu wamkulu ali kale ndi malo ake m'zikwama zakumbuyo, ndiye akufunsa kuti agule chikwama cha pachiwongolero chachikulu bwanji, komanso ngati sichingamusokoneze powongolera.

Gulani ndithu, koma chaching'ono. Cha malita 5 mpaka 8 chikukwanirani. M'menemo mumakhala zimene dzanja limafuna pafupipafupi: foni, ndalama, ziphaso, mapu, magalasi, kamba wapanjira ndi jekete yopepuka ya mvula. Masipanala, loko ndi madzi zipite kwina. Zikwama zambiri amazilembera malire a makilogalamu 5, koma mukangopitirira 2 kapena 3 manja amayamba kumva. Katunduyo ali m'mwamba, kutsogolo kwa chiwongolero, ndiye pokwera mtunda pang'onopang'ono njinga imayamba kuyenda mokhotakhota, ndipo mukaiimika tayala lakutsogolo limapotokera kumbali n'kuigwetsa.

Anthu ambiri amasankha chikwama poona nsalu ndi matumba, koma chimene chimadzawavutitsa panjira ndi chigwiriro, kachipangizo kamene kamamangidwa pa chiwongolero kuti chikwama chikolekedwepo. Musanagule, yezani kunenepa kwa chiwongolero pakati penipeni. Nthawi zambiri ndi mamilimita 25.4, 26 kapena 31.8, ndipo chigwiriro chosayenerana nacho chimaterereka ngakhale mumange chotani. Zigwiriro zodziwika, monga KlickFix ya kampani ya Rixen & Kaul ndi cha Ortlieb, zili ndi kawaya kamene kamadutsa pansi pa khosi la chiwongolero. Kawaya kameneka musakaone kuchepa, ndi kamene kamaletsa chikwama kuweramira pansi mukagunda dzenje. Pomanga, chikwama chiyang'ane m'mwamba pang'ono, chifukwa katundu akalowa chimatsika chokha. Mabawuti amangeni mosinthanasinthana, ili pang'ono, linalo pang'ono, ndipo mudzawaonenso madzulo a tsiku loyamba. Ngati chiwongolero chanu ndi cha carbon (chopepuka, chosakhala cha chitsulo), onani kaye ngati opanga akulola, poti waya amatha kuchidya.

Mukamanga, ikanimo katundu yense wa paulendo muyesere pabwalo. Pakati pa chikwama ndi tayala patsale masentimita 5 kapena kuposa. Ngati foloko yanu ili ndi sipuling'i, itsindireni mpaka pansi muone ngati sizikukhudzana, chifukwa chikwama chikakhudza tayala muli pa liwiro ndi ngozi yeniyeni. Kenako potozani chiwongolero uku ndi uku mukugwira mabuleki. Waya wa buleki kapena wa magiya akapindika kwambiri kuseri kwa chigwiriro, buleki imalimba ndipo magiya amalumpha. Pamene waya akukhula penti matanipo tepi. Pa chiwongolero chopindikira pansi, ngati cha njinga za mpikisano, onetsetsani kuti zala ndi zosinthira magiya zikuyenda osagunda chikwama.

Nyali nayo imabisika kuseri kwa chikwama, isamutsireni pamutu pa foloko, pansi pake.

Za mvula, chikwama cha nsalu yosalowa madzi, yolumikiza mowotcherera, chimaposa cha kachophimba kovekera pamwamba, chifukwa madzi ena amachokera pansi, ku tayala. Chivundikiro chizitsegukira kutsogolo kuti muziona zam'kati mutakhala pachishalo, ndipo cha maginito chimatseguka ndi dzanja limodzi pomwe zipi imafuna awiri. Kamera ikulungeni m'kansalu, poti kutsogoloko kumagwedezeka kwambiri. Lamba wa paphewa musamusiye kunyumba: mukaima kuti mugule chakudya, mumangodina batani la pa chigwiriro, chikwama n'kuchoka, ndalama ndi ziphaso n'kulowa nazo.