FUNSANI AKONZI: Kodi ilipo tchanelo yosakondera pa nkhani za nkhondo?

FUNSO: Akonzi, ine nkhani za nkhondo pa TV zandizunguza mutu. Madzulo amodzi omwewo ukatsegula BBC akunena zina, kupita pa Al Jazeera zina, CNN nayo zake, bomba ndi lomwelo nyumba yagwa ndi yomweyo koma umamva ngati ndi nkhondo ziwiri zosiyana. Achimwene anga anasiya kuonera akuti onsewo ndi abodza basi. Ilipo tchanelo yonena zoona zokhazokha? — Wozunguzika

YANKHO: A Wozunguzika, kunena mosapita m'mbali, yosakonderatu palibe. Koma achimwene anuwo sindikugwirizana nawo, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala bodza lenileni ayi, vuto limakhala pomwe kamera yaima komanso yemwe wailola kuima pamenepo.

Taganizani za nkhondo ya ku Iraq ya 2003. Atolankhani oposa 500 analowa m'magulu a asilikali a America ndi Britain, kukwera nawo galimoto imodzi, kugona nawo, kutetezedwa ndi mfuti zawo zomwezo. Ndiye tandiuzani, munthu amene dzulo lomweli wakukokera pansi kuti chipolopolo chisakupeze, mawa ungakamunene zoipa pa TV? Nkovuta, mtolankhani nayenso ndi munthu. Kamera yake inkajambula mzinga ukunyamuka. Pomwe a Al Jazeera anali m'zipatala za ku Baghdad kujambula komwe mzingawo wakagwera, ana ovulala, azimayi akulira. Onse awiri sananame, koma aliyense anakupatsani theka.

Nkhani ya chiboliboli cha Saddam Hussein, yemwe anali mtsogoleri wa Iraq, ija ndiye imandiwawa mpaka lero. Pa 9 April 2003 matchanelo anachionetsa chikugwa pa bwalo la Firdos mobwerezabwereza tsiku lonse, kamera ili pafupi, nkhope zosangalala, anthu akuchimenya ndi nsapato, iwe nkumati Baghdad yense wakhamukira pamenepo. Koma zithunzi zojambulidwa patali zinaonetsa kuti bwalolo silinadzaze, m'mbali munali akasinja a America, ndipo chinagwetsedwa ndi chigalimoto cha asilikali a America omwewo. Bwaloli lili pafupi ndi Palestine Hotel komwe kunkagona atolankhani akunja, nchifukwa chake makamera anali ambiri chonchija. Ndipo dzulo lake, pa 8 April, kasinja wa America anaombera hotela yomweyo nkupha ojambula awiri, Taras Protsyuk wa Reuters ndi José Couso wa Telecinco, tsiku lomwelonso Tareq Ayyoub wa Al Jazeera anaphedwa ofesi yawo itaphulitsidwa. Zachiboliboli aliyense amazikumbukira, za anthu atatuwa ndi ochepa.

Mabodza enieni nawo amakhalapo, tisabise. Mu October 1990 mtsikana wina wotchedwa Nayirah anaima pamaso pa aphungu a ku America akulira nkumati anaona asilikali a Iraq akuchotsa makanda m'makina owafunditsa m'chipatala ku Kuwait. Ma TV anaulutsa, anthu anakwiya, nkhondo inayamba mu January 1991. Patapita nthawi zinadziwika kuti anali mwana wa kazembe wa Kuwait ku America ndipo kumbuyo kwake kunali kampani yolipidwa kukopa anthu ya Hill & Knowlton. Pofika nthawi imeneyo mabomba anali atagwa kalekale.

Kenako pali nkhani ya mwini ndalama. Al Jazeera inayamba mu 1996 ndi ndalama za boma la Qatar, RT ndi ya boma la Russia, BBC World Service nayo mbali ina ya ndalama zake imachokera ku boma la Britain, pomwe matchanelo akuluakulu a ku America amadalira otsatsa malonda ndiye safuna kukwiyitsa owonera. Kufunsa tchanelo za nkhondo yomwe dziko lake likumenya nawo zili ngati kufunsa wochemelera timu ngati penate ija inali yoona.

Komabe apa mpomwe ndikusiyana ndi achimwene anu. Mu March 2022 Russia inakhazikitsa lamulo loti wofalitsa zomwe boma likuti ndi zabodza zokhudza asilikali atha kukakhala kundende mpaka zaka 15, ngakhale kungotchula zomwe inkachita ku Ukraine kuti ndi nkhondo kunali kudziputira mlandu. Marina Ovsyannikova wa Channel One, tchanelo ya boma la Russia, anatulukira kumbuyo kwa wowerenga nkhani atanyamula chikwangwani chotsutsa nkhondoyo, mapeto ake anathawa m'dzikomo nkuweruzidwa iye kulibe. Pomwe mu 1982 BBC inakangana ndi boma la Britain la Margaret Thatcher pa nkhondo ya dzikolo ndi Argentina ku zilumba za Falklands chifukwa inkakana kuyankhula ngati mneneri wa boma, aphungu anailalatira kwambiri koma palibe anamangidwa. Mtolankhani wa CBS Charlie D'Agata atanena mu February 2022 kuti Kyiv, likulu la Ukraine, ndi mzinda wotukuka osati ngati Iraq kapena Afghanistan, anthu anamudzudzula mpaka anapepesa. Mawuwo anali onyansa inde, koma tchanelo yomwe ungaikakamize kupepesa si chimodzimodzi ndi yomwe wotsutsa amathera m'ndende.

Ndiye inu musataye rimoti. Muzitchera khutu mtolankhani akati taperekezedwa ndi asilikali, kapena akati sitinathe kutsimikiza patokha, mawu amenewo amanenedwa mothamanga koma ndi omwe akukuuzani kuti mwaonetsedwa zomwe wina wasankha. Ku Gaza nkhondo itabuka mu October 2023 Israel inaletsa atolankhani akunja kulowa paokha kupatula moperekezedwa ndi asilikali ake, ndipo mu May 2024 inatseka Al Jazeera m'dziko mwake. Ku Ukraine nako matchanelo akuluakulu anawaphatikiza kuti aziulutsa pologalamu imodzi ya nkhani kuyambira 2022. Onerani awiri osiyana mbali, zomwe onse akuvomereza ngakhale zikuwapweteka nzomwe mungazidalire kwambiri.

FUNSO: Nanga bwanji nkhondo ya ku Sudan siioneka kawirikawiri pa TV? Anthu akeo si anthu? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi lomveka ndipo kumenekonso ndi kukondera, kukondera kosankha choonetsa. Nkhondoyi inayamba pa 15 April 2023 pakati pa asilikali a boma a Abdel Fattah al-Burhan ndi gulu la zida la RSF la Mohamed Hamdan Dagalo, ndipo anthu oposa 10 miliyoni athawa m'makomo mwawo. Zifukwa zina nzoona, kulowako nkovuta, chilolezo sapereka wamba, intaneti amaidula, kutumiza gulu lojambula kumadya ndalama zambiri. Zinalinso choncho pa nkhondo ya ku Tigray, m'dziko la Ethiopia, kuyambira 2020 mpaka 2022. Koma ine sindikhutira nazo, chifukwa kukanakhala kuti kukufa asilikali a mayiko omwe matchanelo akuluakuluwa amachokera, njira yolowera akanaipeza ndithu.