Mafilimu akale a ku India: ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amawerenga tsamba lino. Akuti anakula akuonera mafilimu a ku India a nyimbo, magule ndi ndewu, ena mwa iwo omasuliridwa m'Chichewa. Tsiku lina mnzawo anawauza kuti mafilimu enieni a ku India ndi a Satyajit Ray. Atayesa kuonera filimu ya Ray yotchedwa Pather Panchali anaisiyira panjira, poona ngati palibe chimene chikuchitika. Ndiye akufunsa kuti kodi vuto ndi iwo, nanga ayambire pati, ndipo a nyimbo aja awataye?

Achemwali, musawataye, ndipo vuto si inu. Mnzanuyo anakulozerani khomo labwino, koma lilipo lina lapafupi. Ndikadakhala nanu limodzi ndikadayamba kukuonetsani Do Bigha Zamin, filimu ya Bimal Roy ya mu 1953.

Ndi ya Chihindi ndipo nyimbo zilimo, choncho simudzamva chilendo. Nkhani yake ndi ya Shambhu, mlimi amene ali ndi kamunda kosakwana ndi ekala yomwe. Mwinimalo wolemera akufuna kumangapo fakitale. Shambhu atakana kugulitsa, ngongole yake yakale inafufumitsidwa mpaka marupi 235, ndipo khoti linamupatsa miyezi itatu yokha kuti abweze. Anapita ku Calcutta, lero Kolkata, kukakoka rickshaw, kangolo konyamula anthu komwe munthu amakakoka ndi manja uku akuthamanga. Balraj Sahni, amene anasewera Shambhu, anali munthu wophunzira yemwe anagwirapo ntchito ku BBC ku London, komabe anakalowa m'misewu ya Calcutta kukaphunzira kukoka ngoloyo. Mukamuona akuthamanga, mpweya ukumuthera, mudzakhulupirira. Aliyense amene anaonapo munda wa mbale wake ukupita chifukwa cha katapila safunika womufotokozera filimuyi. Inalandira mphotho pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 1954.

Chimene chinamutsegula maso Bimal Roy ndi filimu ya ku Italy, Bicycle Thieves ya Vittorio De Sica, yomwe inaonetsedwa pa chikondwerero choyamba cha mafilimu a maiko onse ku India mu 1952. Inajambulidwa m'misewu, ndi anthu wamba, pa nkhani ya njinga yobedwa. Satyajit Ray anali ataionera kale ku London mu 1950, ali wogwira ntchito pa kampani yotsatsa malonda. Mbewu inali imodzi, koma inagwera m'minda iwiri. N'chifukwa chake ine sindivomereza zoti pali mpanda wautali pakati pa mafilimu a nyimbo ndi mafilimu a anthu ozama. M'zaka za m'ma 1950 ankamwa pa chitsime chimodzi.

Mukatha imeneyo pitani kwa Guru Dutt, muonere Pyaasa ya mu 1957. Vijay ndi mlakatuli amene ndakatulo zake palibe akuzifuna, mpaka abale ake amazigulitsa ngati mapepala okulungira zinthu. Anthu ataganiza kuti wafa, ndakatulozo zinatchuka, ndipo omwe ankamunyoza aja ndi amene anayamba kudyerapo. Amene anamukonda ali wamoyo ndi Gulabo, mkazi woyendayenda, yemwe anaseweredwa ndi Waheeda Rehman. Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere bwino nyimbo. Mawu ake analemba ndi Sahir Ludhianvi, mayimbidwe anakonza ndi S.D. Burman, ndipo mukachotsa nyimbozo nkhani yatha, chifukwa zimene Vijay sangathe kunena pamaso pa anthu amazinena poyimba. Filimu ya Guru Dutt ya mu 1959, Kaagaz Ke Phool, anthu anaikana, ndipo iye sanaikenso dzina lake pa filimu ina ngati woitsogolera. Anamwalira mu 1964 ali ndi zaka 39. Lero yomweyo anaikanayo imawerengedwa pakati pa zopambana. Zimandipweteka nthawi zonse ndikazikumbukira.

Tsopano mubwerere ku Pather Panchali. Ndi ya Chibengali, ndipo muyambe mwadziwa mmene inabadwira. Ray anali asanapangepo filimu. Wojambula wake, Subrata Mitra, anali mnyamata wa zaka 21 wodziwa kujambula zithunzi zoima zokha. Anayamba mu 1952, ndalama zikatha ntchito inkaima. Mkazi wa Ray, Bijoya, anapinyolitsa zodzikongoletsera zake, mpaka boma la West Bengal linawapatsa ngongole. Chiwonetsero chimene kamnyamata Apu ndi mchemwali wake Durga akuona sitima koyamba m'munda wa udzu wa maluwa oyera chinachedwa kutha chifukwa ng'ombe zinadya maluwawo, ndipo anadikira kuti udzuwo uphukenso chaka chotsatira. Filimuyi inatuluka mu 1955, ndipo mu 1956 inalemekezedwa ku Cannes.

Mwati palibe chikuchitika. Chikuchitika, koma chikuyenda pa liwiro la m'mudzi. Durga amaba zipatso m'munda wa eni kukapatsa agogo Indir, nkhalamba yopindika msana imene ikungosungidwa pakhomopo. Mayi ake a Durga amakalipira nkhalambayo, osati chifukwa ndi oipa mtima, koma mpunga ndi wochepa ndipo pakamwa pachuluka. Bambo achoka kukafuna ndalama, miyezi n'kumapita osatumiza kanthu. Nkhani yonse ili pamenepo: mmene njala imaumitsira mtima wa munthu wabwino. Chunibala Devi, amene anasewera agogowo, anali ndi zaka pafupifupi 80 ndipo anamwalira filimuyi isanatuluke. Kumapeto, bambo akubwera ndi mphatso za ana, mayi akuyamba kulira, koma mawu awo simuwamva. M'malo mwake mumamva choyimbira cha zingwe chikulira mokweza. Nyimbo za filimuyi anakonza ndi Ravi Shankar. Kuti mphindi imeneyo ikugwireni, pamafunika kuti mwakhala ndi banjalo maola awiri aja. Nkhani ya Apu imapitirira mu Aparajito ya mu 1956, imene inapambana mphotho yaikulu ku Venice, ndi Apur Sansar ya mu 1959.

Pali wina wa ku Bengal yemwe ndikuganiza kuti adzakukhudzani kuposa Ray. Ritwik Ghatak anabadwira ku Dhaka, ndipo dziko la India litagawidwa mu 1947 kwawo kunatsalira mbali inayo ya malire. Bala limenelo silinapole. Mu Meghe Dhaka Tara ya mu 1960, Nita ndi mwana wamkazi wa banja lothawa kwawo. Asiya sukulu kuti adyetse makolo ndi abale ake, bwenzi lake likwatira mng'ono wake, iye n'kudwala chifuwa chachikulu. Ghatak sadzigwira ngati Ray. Nita akalasidwa mumtima mumamva kulira kwa chikwapu, chonsecho palibe akumumenya. Ngati munakhalapo mwana amene banja lonse likuyang'ana kwa iye, konzekerani misozi.

Zaka za m'ma 1970 ndizidutsa mofulumira. Boma linali litakhazikitsa sukulu ya mafilimu ku Pune ndi bungwe lokongoza ndalama opanga mafilimu, lomwe linathandiza Bhuvan Shome ya Mrinal Sen mu 1969. Shyam Benegal anabwera ndi Ankur mu 1974, kenaka Manthan mu 1976, nkhani ya alimi a ng'ombe za mkaka amene akuyambitsa kopaletivi. Ndalama zopangira Manthan zinachokera kwa alimi 500,000 a ku Gujarat, aliyense marupi awiri. Kum'mwera, ku Kerala, Adoor Gopalakrishnan anapanga Elippathayam mu 1981 m'Chimalayalam, yonena za mwinimalo amene wadzitsekera m'nyumba ya makolo ngati khoswe mu msampha. Imeneyo ndi yodekha kwambiri, muisungire kumapeto. Mzerewu sunaduke: mu 2024 All We Imagine as Light ya Payal Kapadia, yonena za anamwino a ku Kerala ogwira ntchito ku Mumbai, inalandira mphotho ya Grand Prix ku Cannes.

Chomaliza, n'kutheka kuti kope imene munaonera inali yachimbuuzi, mawu a pansi osawerengeka. Mu 1993 moto unawononga matepi oyambirira a mafilimu atatu a Apu ku London, koma anakonzedwanso ndipo anatuluka mu 2015 akuoneka bwino. Funani imeneyo. Muionere madzulo, foni ili patali, mutatha kale za Shambhu ndi Vijay. Mukafika pamene mvula yoyamba ikugwa ndipo Durga akuvina m'menemo, mundilemberenso.