Yankho kwa mphwanga pa mawu a pafomu aja

Eee, muli bwanji nonse pagulu pano. Mphwanga, funso lako ndalimva, netiweki ndi imene inandivuta kuyambira m'mawa. Ukuti pafomu yosankhira maphunziro alemba kuti Chemistry ndi elective, koma pansi pake akuti lab, kalasi yake yoyesera zinthu mu labotale, ndi corequisite, ndiye ukudabwa kuti chinthu chosankha wekha chikhalanso bwanji chokakamiza.

Tamvera. Elective, kapena optional, ndiye kuti utenge kapena usiye, palibe amene akufunse. Koma ufulu umenewo umathera pakhomo. Ukalowa, za m'nyumbamo uzitsata, paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Corequisite ndi phunziro loti ulitenge pamodzi ndi linzakelo, semesita yomweyo. Usalisokoneze ndi prerequisite, limenelo ndi loti ukhale utalikhoza kale usanalembetse. Ungogwira timawu takutsogoloto: co ndi pamodzi, pre ndi poyamba.

Ine pogula kagalimoto kanga kaja palibe anandikakamiza. Koma tsiku lomwe ndinakaika pamsewu, inshuwalansi ya third party ndi COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino, zinasanduka compulsory, zokakamiza. Wapolisi akakuimitsa amangolunjika pagalasi lakutsogolo kukaona timapepala tomata tija. Lamulo lotere pachingerezi amati ndi conditional, kutanthauza kuti limagwira yekhayo amene wasankha chinthucho. Woyenda pansi silimukhudza.

Ndiye pafomupo maso akhale pa mawu aang'onoang'ono, chifukwa ndi amene amagwetsa anthu. Subject to kapena provided that, akutanthauza kuti akulola, koma pokhapokha utakwaniritsa chakutichakuti. If applicable ndiye kuti ngati zikukukhudza. Ameneyu ndimamuopa kwambiri, poti ambiri amamutenga ngati optional n'kudumpha bokosilo. Ayi. Ngati unachonga Yes pamwamba, bokosi lapansilo ulembemo basi. Ngati sizikukukhudza, lemba N/A, chidule cha not applicable, usasiye pambalambanda, angaganize kuti unaiwala n'kukubwezera fomu.

Usanachonge Chemistry, pita ukafunse ngati lab ili ndi ndalama yakeyake komanso ngati nthawi yake sikugundana ndi kalasi ina. Mayi ako adziwiretu, asadzadzidzimuke pakati pa semesita. Ndipo chonde usaithawe chifukwa cha lab, ndikudziwa kuti umaikonda kuyambira ku sekondale. Undijambulire tsamba lachiwirilo unditumizire, tiliwerenge limodzi madzulo ano ndikaweruka.